Maso khumi ndi duku lanu

Lamlungu, 22 Ogasiti 2004

Chikuikireni m'manda: zaka 5, miyezi 3
Obadwa pambumba yanu m'zaka zimenezi: 6
Okutsatirani: 4
Chimanga changa chaka chino: matumba 7
Nandolo, sindinamalize kuthyola: ndowa 9
Amphaka m'nyumba mwanga pa 1 Julaye: mayi 1 + ana 4 = 5
Maso awo: 5 × 2 = 10
Maso odwala pofika pa 24 Julaye: 10
Anthu amene anandipatsa malangizo: 11
Malangizo anzeru: 1

Amayi, mwadzuka bwanji uko muliko? Ife kuno tadzuka. Chiperoni chapita, fumbi layamba, tiyi wa kumtunda akumudulira. Musadabwe kuti ndayamba ndi manambala ndisanakupatseni moni. Munanena nokha kuti, "Rozina, iwe udzawerenga ngakhale anthu obwera pamaliro anga." Ndinawerengadi. Anali 212, kupatula ana ndi aja anangotulukira nthawi ya chakudya. Zaka 31 ndinakhala pasikelo ya esiteti kulemba makilogalamu a masamba a tiyi, mkazi ndekha pakati pa makalaliki aamuna, ndipo ngakhale ndinapuma dzanjali silinaiwale ntchito yake.

Dzulo tinachita mwambo wa chiliza chanu. Dzina analilemba bwino, koma chaka chobadwa ndi chongopeka chifukwa inunso simunkachidziwa. Nthochi zanu za kuseri zinagwidwa chisaka, ndinazula zonse. Eneless, mwana wa malemu mng'ono wanga Feliya, anabereka wachiwiri m'mwezi wa Malichi, wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu, Malita. Wamkulu uja, Chisomo, ali ndi zaka zitatu ndipo amayankhula ngati wailesi.

Koma sindinatenge cholembera chifukwa cha nthochi. Dzulo kumanda amayi asanu ndi awiri anandifunsa chifukwa chimene sindinavalire duku lanu la buluu lija, pamene ndinalengeza kalekale kuti tsiku la chiliza ndidzalivala. Onse ndinawayankha kuti mutu ndi wanga. Inu simungayankhidwe choncho, ndiye khalani pansi ndikuuzeni kumene linapita.

Pogawa katundu wanu, mwana wanu Bonifasio anatenga wailesi, njinga ya bambo ndi mipando itatu. Ine anandisiyira duku ndi mphaka. Munkati Boni ali ndi mtima wabwino. Ndakhala ndikuufunafuna mtimawo kwa zaka 59 ndipo ndikaupeza ndidzakulemberani. Chimene ndikudziwa n'chakuti anakhala Sitandade 3 zaka zitatu, ndipo ulonda wa pafakitale anapuma ali ndi mbiri yoti palibe mlonda wina anagonapo bwino kuposa iye. Chimwalirireni amalume, ameneyo ndiye mwini mbumba. Akatsokomola, ana onse pano amati mutu wa banja wayankhula.

Mphaka wanu Kapitawo, uja munamutcha choncho chifukwa ankangokhala pakhonde kuonerera ena akugwira ntchito, anafa ndi ukalamba zaka ziwiri zapitazo. Anasiya mwana mmodzi wamkazi, ine n'kumutcha Sikelo. Ndiye yekha anatsala pamtundu wa amphaka aja munkati agogo anachoka nawo ku Mozambiki ali m'lichero lovindikira. Pa 6 Juni Sikelo anaswa ana anayi m'katoni ya pansi pa bedi langa. Sindinavutike ndi mayina. Ndinawalemba m'buku monga anabadwira: Woyamba, Wachiwiri, Wachitatu, Wachinayi.

Pa 10 Julaye, chiperoni chili pakati, ndinaona kuti Sikelo akutsinzinira diso lakumanzere. Nditamutsegula chikope ndinapeza m'kati mwafiira ngati nyama, mwatupa, misozi ikungotsika. Patapita masiku awiri linagwidwa linzake. Misozi ija inasanduka mafinya achikasu, okhuthara, ndipo m'mawa uliwonse ndinkamupeza zikope zitamatana, akuyetsemula, akudzipukuta ndi phazi mpaka ubweya wa pamphuno unayamba kusosoka.

Apa ndi pamene ndinadziwira kuti mudzi uno wadzaza ndi madokotala. Munthu amene sangathe kulemba dzina lake pakalata ya ntchito amadziwa kuchiza maso a mphaka. Mkazi wa Boni, a Dorofe, anati ndimuthire fodya wa m'mphuno. Mayi wina wa kutchalitchi, amene amakhala kutsogolo Lamlungu lililonse, anati mkodzo wa mwana wosayamba kudya ndiwo mankhwala. Wina anati mkaka wa m'mawere. Kalipentala wa pamsewu anati mafuta a mabuleki a galimoto, ndipo ananena zimenezi nkhope ili gwaa, ngati akuwerenga uthenga paguwa. Ndinalemba onse, aliyense ndi mankhwala ake, kuti tsiku lina wina akadzafunsa chifukwa chimene dziko lino silikupitira patsogolo ndidzangomupatsa tsambalo.

Ine ndinachita zaukhondo, monga munthu wopita kusukulu. Ndinkawiritsa madzi, kuponyamo masamba a tiyi pang'ono, kudikira azizire, n'kupukuta maso a Sikelo m'mawa ndi madzulo. Chopukutira ndinasankha duku lanu, chifukwa ndi lofewa ndipo chifukwa ndi mmene munkatichitira ife. Mukukumbuka? Tonse asanu ndi mmodzi pamzere pakhonde, inu n'kunyowetsa nsonga ya duku ndi malovu, n'kumati, "Bwera kuno iwe, ukuoneka ngati wagona m'phulusa." Ndikamaliza Sikelo ndinkapukutanso ana ake, ngakhale anali bwinobwino, kuti matenda asawapeze ali ndi manthongo. Ndinkayamba ndi Woyamba, kumalizira Wachinayi, monga anthu pamzere wa sikelo.

Woyamba anayamba kudwala pa 14. Wachiwiri pa 17. Wachitatu pa 20. Wachinayi pa 23. Ndinalemba masiku onsewa mwaudongo, ndi inki ya buluu, osaona chimene ndikulemba.

Pa 22 Julaye khanda la Eneless linadzuka maso atafiira, ali ndi manthongo. Lamlungu lotsatira, titachoka kutchalitchi, Boni anaitanitsa mbumba yonse pansi pa mpeyala wanu. Anabwera atapinda thumba la feteleza m'khwapa.

"Achemwali," anatero, "tisabisane. Mphaka akamagwetsa misozi ndiye kuti akulira maliro a munthu amene adakali moyo. Asanu onse akulira. Mwanayu maso afiira. Mukufuna mpaka tigwire makasu?"

"Mphaka sakulira, Boni. Akudwala."

"Sukulu yanuyo ndi imene imakupusitsani."

"Iwe sinakupusitse chifukwa sunaipatse mpata."

Anyamata anaseka, a Dorofe anawadzudzula ndi maso. Boni anatambasula thumba lija n'kunena kuti damu la esiteti silili kutali, mwala ali nawo kale. Ndinamuuza kuti amphakawo ndi a Amayi. Anati Amayi akanakhalapo akanasankha chidzukulu. Pamenepo ndinayang'ana Eneless, ndikuyembekeza kuti mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kuwerenga anenapo kanthu. Anawerama, akugwedeza khanda, n'kunena chapansipansi kuti, "Amayi aakulu, ine ndikuopa." Zonena za Boni zinandidutsa ngati mphepo, koma izi zinandikhala.

Tinakangana mpaka dzuwa linapendeka. Pomaliza Boni anati andipatsa nthawi mpaka tsiku la chiliza, pa 21 Ogasiti, chifukwa safuna kuti alendo adzapeze malodza pakhomo. Ndinamuuza abwereze mawu ake pang'onopang'ono, ine n'kulemba: "Ndikadzapeza msozi ngakhale umodzi, onse asanu m'thumba." Ndinawerenga mokweza, anthu 16 akumva.

Ndinataya masiku ena anayi ndi madzi anga a tiyi aja. Lachisanu pa 30 ndinabwereka dengu lothyolera tiyi kwa mnansi, kuyalamo chiguduli, kuikamo onse asanu, kumanga neti pamwamba, n'kulibereka kumsana, ulendo wa kwa dokotala wa ziweto ku Bvumbwe. Njira ya kumsewu imadutsa pakati pa munda wa esiteti, ndipo tsiku limenelo amayi ena amene ndinkawayezera masamba kale anali kupalira m'mbali mwa njira.

"A kalaliki! Lero mwalembedwa yothyola?"

"Masamba anuwo akulira bwanji, mayi?"

"Mukayeze bwino, musawadule makilo ngati munkatidulira ife!"

Sindinadulepo munthu kilo ngakhale imodzi m'zaka 31, ndipo akudziwa. Ndinangodutsa. M'minibasi mayi amene ndinakhala naye pafupi atasuzumira m'dengu anachita chizindikiro cha mtanda n'kusamukira kumbuyo, moti ndinayenda ulendo wonse wa ku Bvumbwe pamalo a anthu awiri. Ndi chokhacho chabwino chimene umbuli wandichitira chaka chino.

Dokotala wa ziweto ndinamupeza atangochoka koona ng'ombe za mkaka, mabuti ali ndowe zokhazokha. Ndi mnyamata wa kumpoto, mwina wa zaka 35. Nditamasula neti anayamba kuseka.

"Amayi, zaka zisanu ndi chimodzi ndili pano, palibe anandibweretserapo mphaka. Mabwana a kuesiteti amapita nawo awo ku Blantyre."

"Ndiye lero lembani asanu. Mukamaliza kuseka mundiuze."

Analeka. Anasamba m'manja, n'kuwatenga mmodzimmodzi, kutsegula diso lililonse n'kuunika ndi tochi. Ananena kuti zikuoneka kuti ndi tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa bakiteriya, timene timakhala m'kati mwa zikope, ndipo timayenda m'mafinya ndi m'misozi kuchoka pamphaka wina kupita kwa mnzake. Anati mwa tiana matendawa amakula msanga, ndipo akachedwa kuthandizidwa diso limachita chilonda n'kufa. Diso lakumanzere la Woyamba analiyang'ana nthawi yaitali. Linali litayera ngati mkaka. Anati tiyesa, koma ndisayembekezere zambiri. Ndinamufunsa za khanda. Anati si kawirikawiri matenda a mphakawa kugwira munthu, ana a anthu amapatsirana okha matenda awoawo a maso, koma mwanayo apite kuchipatala msanga ndipo ndisayerekeze kumupaka mankhwala a ziweto.

Kenaka anafunsa kuti anayamba liti. Ndinatulutsa buku. Analitembenuza, n'kunena kuti alimi ake onse akanamalemba chonchi bwenzi ntchito yake ili yophweka. Sindinama, Amayi, ndinakhala tsonga pabenchipo ngati mwana wolandira mphotho.

"Mumawapukuta ndi chiyani?"

Ndinatulutsa duku lanu m'chikwama, lopindidwa bwino.

"Onse ndi nsalu yomweyi?"

"Ndimaichapa madzulo aliwonse."

"Mumayamba ndi uti?"

Ndinayang'ana masiku aja ndinalemba. Buku linali lotsegula pamaondo pake, manambala ali chondondozana: 14, 17, 20, 23. Ndinkachotsa mafinya m'diso la Sikelo n'kukawaika ndekha m'diso la Woyamba, kuyambira lakumanzere, nsonga ya duku idakali yonyowa. Wachinayi ankalandira zotsalira, n'chifukwa chake anachedwa. Mnyamatayo anaona nkhope yanga. Anati ndisadziimbe mlandu kwambiri, chifukwa ana oyamwa mayi wodwala ndi kugona naye m'katoni imodzi akanatha kutengera ngakhale popanda nsalu. Ndinamuthokoza. Koma ine ndagwira sikelo moyo wanga wonse, ndimadziwa muvi ukamapendekera mbali imodzi chifukwa wina waikapo chala. Matenda oyenda okha sadikirana pamzere masiku atatuatatu.

Anandipatsa timachubu ta mankhwala onga mafuta. Anati ndizifinya kochuluka ngati njere ya mpunga m'kati mwa chikope chapansi, diso lililonse katatu patsiku kwa milungu itatu, osalekeza ngakhale maso ataoneka kuti apola, chifukwa anthu amalekera pomwepo matenda n'kubwerera. Popukuta, madzi owiritsa a mchere pang'ono, opanda tiyi. Diso lililonse ndi kansalu kake, kowiritsa ndikamaliza. Kusamba m'manja ndi sopo ndikachoka pa wina kupita pa wina. Amphaka asatuluke, ndipo ana a anthu asawagwire. Amenewo ndiwo malangizo anzeru aja ndalemba pamwambapa, a munthu wachikhumi ndi chimodzi.

M'minibasi pobwerera ndinawerengera. Kuyambira Loweruka pa 31 Julaye, masiku 21 akuthera pa 20 Ogasiti. Tsiku limodzi lokha lotsala thumba lisanafike.

Tsopano za duku. Ndikanatha kung'amba nsalu ina, ndili ndi mashiti akale awiri. Koma ndinaliyala patebulo, n'kuliyang'ana, n'kuona kuti sindingalivalenso kumutu ngati kuti palibe chachitika. Linalakwa pamodzi ndi ine, ndiye linayenera kugwira ntchito pamodzi ndi ine. Ndinaliwiritsa mpaka madzi anasanduka buluu. Ndinaliyeza ndi tepi, n'kulidula zidutswa khumi zofanana. Pangodya ya chidutswa chilichonse ndinasokerapo mfundo za ulusi woyera, china imodzi, china ziwiri, mpaka khumi, kuti diso lililonse lidziwe nsalu yake. Lumo litalowa koyamba ndinamva ngati mwandiitana kuchokera kukhitchini. Sindinaleke.

Amphaka ndinawatsekera m'chipinda chosungira makasu. Ndinkapaka 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana belu la kufakitale likalira, ndi 6 koloko madzulo. Mphaka si munthu, sadziwa kuti ukumuthandiza. Ndinkamukulunga m'thaulo mutu wokha uli kunja, komabe manja anga akuoneka ngati ndinagwera m'minga. Zidutswa khumi zija ndinkaziwiritsa n'kuziyanika pachingwe motsatana manambala. Boni akamadutsa ankaima n'kugwira m'chiuno.

"Achemwali, mwatsegula chipatala? Nanga odwala malungo tizibwera liti?"

"Iwe ubwere tsiku limene ndidzayambe kuchiza mitu."

Sanazindikire kuti tinsalu tija ndi duku la mayi ake. Analiona pamutu panu zaka makumi awiri, koma Boni chinthu chimene sangagulitse sachiona.

Za chipatala ndinamuuza Eneless tsiku lomwelo limene ndinachoka ku Bvumbwe. Ndinamuuza ndili chiimire pakhomo pake, ndi mawu aja ndinkauzira anthu kuti masamba awo ndi onyowa. Sanapite. Boni anali atamuuza kuti mankhwala a kuchipatala sangagwire ntchito amphaka adakali moyo, ndiye ankangofinyira mwana mkaka wa m'mawere m'maso. Ine ndinatanganidwa ndi odwala anga, sindinabwererenso kukaona. Masiku asanu amenewo ndawalembanso m'buku, mbali ya zolakwa.

Lachitatu pa 4 Ogasiti ndikuyanika tinsalu ndinamuona atakhala pamkeka, khanda lili pamiyendo. Ananyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu, n'kupukuta maso a Malita. Atatero anaitana wamkulu uja. "Chisomo, bwera kuno, ukuoneka ngati wagona m'phulusa." Mawu anu enieni, Amayi, ndi dzanja lomwelo. Sindikudziwa mmene ndinadumphira ngalande ndi maondo angawa. Ndinamugwira pamkono nsonga ya chitenje itatsala pang'ono kufika pankhope ya mwana.

"Amayi aakulu, mwatani? Mukundipweteka!"

"Usamupukute ndi imeneyo."

"Bwanji? Agogo ankatipukuta chonchi tonse."

Ndikanatha kumuuza kuti adokotala anakaniza, n'kuthera pomwepo. Akanavomera ndi pakamwa, ine n'kutembenuka iye n'kupitiriza. Ndiye ndinakatenga buku, kukhala naye pamkeka, kumuonetsa manambala anayi aja, n'kumuuza amene anadwalitsa tiana ta Sikelo. Ndinakamutengera Woyamba kuti aone diso loyera lija, osamugwira. Ndinamuuza kuti silinachite zimenezi ndi malodza, ndi ine, Rozina, wa satifiketi ya Fomu 2 yopachika pakhoma, ndi duku la agogo ake. M'zaka 66 sindinanenepo kwa munthu wamng'ono kwa ine kuti ndinalakwa. Mawuwo amawawa pakhosi ngati kwinini.

Eneless anayang'ana bukulo, n'kuyang'ana nsonga ya chitenje chake, n'kuyang'ana Chisomo. Anangoti, "Mawa mundiperekeze."

Tinapita m'mawa mwake, Boni ali kumunda. Mzere unali wautali, tinabwerako 3 koloko, moti mankhwala a masana a tsiku limenelo anandiphonya, maso onse khumi. Anamwino anatikalipira tonse awiri chifukwa chochedwa, ndipo ankanena zoona. Anati mwezi umenewo aona ana ambiri a kumalayini, kunyumba za antchito a esiteti, ali ndi maso otere. Ndinafunsa amayi amene tinali nawo pamzere ndi ana a maso ofiira. Analipo asanu ndi mmodzi, woweta mphaka panalibe. Malita anapatsidwa mankhwala akeake, ndipo pasanathe mlungu anali akuyang'ana dziko ndi maso oyera.

Amphaka anayamba kusintha tsiku lachisanu. Pofika lachikhumi ndi chiwiri maso asanu ndi anayi anali otseguka, owala, ouma. A Dorofe anati ndisiye tsopano, ndikungowononga mankhwala. Ndinapitiriza mpaka madzulo a pa 20. Diso lakumanzere la Woyamba linasiya kutuluka mafinya, linaphwa, chikope n'kutsekeka. Silidzatsegukanso.

Dzulo m'mawa, alendo atayamba kusonkhana kuti tizipita kumanda, Boni anafika pakhomo panga atavala jekete ya bambo, thumba lili m'manja. Anali atauza anthu, moti kumbuyo kwake kunali chigulu. Ndinatulutsa tebulo panja, kuyalapo nsalu yoyera, n'kuikapo amphaka mmodzimmodzi. Ndinang'amba pepala loyera m'buku n'kumupatsa.

"Pukuta wekha. Pepala likanyowa, tenga onse."

Anabweza manja kumbuyo. Munthu amene anali wokonzeka kuwamiza m'damu ankaopa kuwakhudza. Ndinapukuta ndekha, diso lililonse ndi kapepala kake, ndikuonetsa anthu. Sikelo, ouma. Wachinayi, Wachitatu, Wachiwiri, ouma. Nditafika pa Woyamba, Boni anadumpha ngati wapeza ndalama m'njira.

"Eyaa! Uyu ndiye mwini malodza. Taonani, akutitsinzinira! Enawo asiyeni, uyu yekha ndimutenga."

Ndinatsegula buku n'kuwerenga mawu ake a pa 25 Julaye. "Unati msozi. Suli apa. Diso lakufa silikhetsa misozi."

"Ine sindinasaine pamenepo."

"Ukanasaina ndi chiyani?"

Ena anaseka, koma ndinaona kuti ambiri ali mbali yake. Mphaka wa diso limodzi, patsiku la chiliza, anthu a kuno simuwadziwa? Amuna awiri anali atayamba kunena kuti mmodzi yekha si nkhani, achemwali avomere kuti mwambo uyende. Boni anatsegula kukamwa kwa thumba. Kunena zoona, manambala anga anali atathera pomwepo.

Ndi Eneless amene anadutsa pakati pa anthu, Malita ali kumsana. Anagwada pang'ono monga mwa ulemu, n'kunena kuti, "Malume, mwana munkanenayo ndi uyu. Tamuonani maso. Anachira ndi mankhwala a kuchipatala amphaka onse ali moyo. Mphakayu diso silinafe ndi malodza. Chimene chinalipha ndikuchidziwa, ndipo inenso ndinatsala pang'ono kumuchita zomwezo Chisomo." Sananditchule. Ananyamula Woyamba patebulo n'kumufungata. "Ameneyu ndikamuweta ine. Ngati akulira maliro, alirira m'nyumba mwanga. Mukamufuna mudzamutenge kumeneko."

Boni anayang'ana uku ndi uku. Mwini mwana atakana, iye akanaimira chiyani? Anapinda thumba lija kanayi, n'kunena kuti nthawi yatha, abusa akudikira, ndiponso thumbalo analitengera nandolo. Mwana wanu wa mtima wabwino uja. Madzulo a tsiku lomwelo a Dorofe anabwera mozemba kudzafunsa ngati Wachitatu ali ndi mwini, chifukwa milungu itatu imene Sikelo anali wotsekeredwa makoswe aboola matumba awo awiri. Ndawauza kuti ndiganizira. Ndiganizira mpaka aboole lachitatu.

Chatsala chimodzi, Amayi. Dzulo ndili chiimire pachiliza chanu mutu uli pamtunda, ndinayang'ana manda a Feliya pambali panu, n'kukumbukira kadontho koyera kaja anali nako m'diso lakumanja kuyambira ali mwana, kamene munkati anabadwa nako. Ndinakumbukiranso mzere wathu wa pakhonde, ndi chaka china chimene tonse tinadwala maso. Ndinayamba kuwerenga kuti ndani ankaima kutsogolo kwa ndani. Ndinalekera panjira. Munalibe buku, munalibe dokotala, munali ndi ana asanu ndi mmodzi ndi duku limodzi, ndipo belu la kumunda linkalira 6 koloko. Chimenecho sindichilemba, ndipo ndi chinthu choyamba m'moyo wanga chimene ndasiya osawerengera.

Zidutswa khumi zija ndaziwiritsa komaliza, zili m'chitini cha ulusi. Ndikulonjeza kuti mvula isanagwe ndidzazilumikiza, mfundo zake zili pomwepo, ndipo ndidzabwera nditalivala kudzazula udzu pamanda panu. Lidzakhala lofupika ndi lofwifwa, anthu adzaseka, ndipo ndidzawawerenga. Mundipatsire moni bambo ndi Feliya. Ndimakukondani monga kale, ngakhale simunandimvere za Boni.

Kupaka mankhwala: maso 10 × 3 × masiku 21 = 630
Kuchotsa masana a pa 5 Ogasiti: 630 − 10 = 620
Machubu otha: 5
Zikande m'manja mwanga: 37
Maso a Malita: 2, onse owala
Amphaka olowa m'thumba: 0
Maso a amphaka opola: 9
Lotayika: 1
Duku: 1 ÷ 10
Wolakwa pa diso la Woyamba: 1

Ndine mwana wanu woyamba,
Rozina